Mmene Ndinasinthanitsira Muphwa Wanga ndi Wogula Soya

Ukochi ine sindinaupemphe. Anandipatsa chifukwa cha pampu. Ntchito yanga ndi yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa mphambano ya kwathu, chakum'mwera kwa msewu waukulu wochokera ku Katete kupita ku Sinda, ndipo m'mudzi monse munthu amene anali ndi pampu yogwira bwino ndinali ine. Mpira ukaphwa ankabwera nawo kwa ine. Tsiku lina akuluakulu a timu anati, popeza mumaupopa ndinu, muziwauzanso anyamatawa kothamangira. Ndinavomera. Pasanathe mwezi ndinali nditapeza wezulo ndi kapusi, ndikuyenda ngati ndinabadwira pa bwalo la mpira.

Ligi yathu inali ya midzi isanu ndi umodzi yozungulira sukulu ya sekondale yoyendera. Musaipeputse. Anthu athyolana miyendo mu ligi imeneyo, apongozi asiya kupatsana moni, ndipo woimbira mpira wina anathawira m'munda wa thonje n'kusiya nsapato imodzi pa bwalo, mpaka lero sanabwere kudzaitenga. Koma mkangano waukulu unali wa anyamata omaliza giredi 12. Timu ya sukulu ndiyo inali nazale yathu tonse. Mnyamata wodziwa mpira akangolemba mayeso, midzi inkamugwira uku dzanja uku mwendo. Awa akuti mayi ake ndi akuno, awo akuti bambo ake ndi akwathu, enanso akuti anabadwira kwathu mayi ake atabwera kumaliro. Chaka china mnyamata mmodzi anasewerera matimu awiri Loweruka limodzi, ndipo konseko anagonja.

Ndiye pa sukulupo panabwera mphunzitsi wa zamasewero, kamnyamata ka tayi, foni osachoka m'manja. Anatisonkhanitsa makochi tonse m'kalasi, kutikhazika pa madesiki ngati ana, n'kuyamba kutiuza mmene amachitira ku America. Kumeneko, anatero, matimu akuluakulu salimbirana anyamata ochokera m'makoleji. Amasankha motsatana. Timu imene yathera kumchira ndiyo imayamba kusankha, yotsatira kumchirako isankhe kachiwiri, mpaka akatswiri asankhe pomaliza. Onse akasankha mmodzimmodzi, amayambiranso ulendo wachiwiri motero.

Woyamba kuomba m'manja ndinali ine. Timu yanga inali kumchira, ndipo sikanali koyamba.

Mphunzitsi uja anawonjezera kuti malo osankhirawo ndi katundu, timu itha kuwapereka kwa timu ina n'kulandira wosewera wakale. "Koma musamale, makolo anga," anatero. "Mukapereka malo oyamba, mwapereka munthu amene simukudziwa kuti adzakhala ndani. Kunjako anthu ophunzira zedi amachotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezi." Mawu amenewo anangodutsa pamwamba pa mitu yathu. Tinali titayamba kale kukangana za amene azisunga buku la malamulo.

Malamulo tinalemba. Mnyamata wosankhidwa azisewerera timu yomusankha zaka ziwiri, kaya mudziwo ndi wakwawo kaya ayi, zikatha ali pa ufulu. Ineyo ndinaimirira, kumenya desiki, kuti lamulo lathu lakale lisafufutidwe: mwamuna akakwatira n'kukakhala chikamwini, azisewerera mudzi wa mkazi wake, pakuti kumene munthu akulima ndi kugona ndiko kwawo. Ndinalikakamira lamulo limenelo chifukwa mudzi wathu uli ndi atsikana ambiri, ndipo otchinga kumbuyo anga pafupifupi onse anali akamwini. Onse anavomera, ngakhalenso kochi wa timu ya kutsidya kwa dambo, mdani wanga wakalekale, munthu amene sanagwirizanepo nane ngakhale pa nkhani ya mvula.

Woyamba kusankhidwa chaka chimenecho ankadziwika ndi mbuzi zomwe. Anali muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu. Bambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa amene unabereka wekha. Mpira wake woyamba ndinamumangira ine, wa mapepala a pulasitiki ndi machubu akale a njinga. Anakula woonda ngati sipoko, wosalankhulalankhula, koma mpira ukafika pa phazi lake lamanzere unkamvera. Kuyambira ali wamng'ono ankandifunsa, "Amalume, ndidzasewera liti m'timu yanu?" Ndinkati maliza kaye sukulu. Timu yogonja mlungu ndi mlungu, koma iye ankaiona ngati ya dziko.

Tsono chaka chomwecho chinali cha zisankho. Mkulu wina wa magolosale amene ankafuna ukhansala anangozindikira mwadzidzidzi kuti amakonda mpira kuyambira ali mwana, ngakhale palibe anamuonapo pa bwalo. Anaika chikho: opambana atenge ng'ombe yamphongo ndi majezi atsopano. Ng'ombeyo anaibweretsa pa bwalo kuti tiione, ataifunditsa nsalu ya nkhope yake pamsana. Ndinaiyang'ana ng'ombe ija, nayonso inandiyang'ana, ndipo nzeru zanga zinathera pomwepo.

Patapita masiku ochepa kochi wa kutsidya anabwera pa mphambano kuti ndimumangire masipoko. Njingayo inalibe vuto lililonse. Ndinaona ndithu kuti ilibe vuto, koma ndinaitembenuza n'kumazunguliza gudumu, kudikira kuti munthu anene chimene wadzera.

"Akochi," anayamba, "chaka chino ndi chanu. Malo oyamba."

"Tinawavutikira," ndinatero.

Anaseka pang'ono. Kenako anatchula za wosewera wake wakutsogolo. Ameneyo tonse tinkamuopa. Anali munthu wa ku Vubwi, anabwera kuno ndi sikelo kudzagula soya ndi nsawa, n'kupeza kachipinda kuseri kwa golosale ya kutsidya. Ena ankati anasewerapo m'matimu a ku Malawi, ena ankati a ku Mozambique, kutengera amene akufotokoza ndi zimene wamwa. Chifuwa ngati chitseko. Tsiku lina anatimwetsa zigoli zinayi, chomaliza ndi chidendene, uku akupereka moni kwa anthu. Popeza sanali mbadwa ya mudzi uliwonse, anali wa timu imene inamulemba, ndipo timuyo inkatha kumupereka kwa ina.

"Mutengeni," anatero kochi uja, "mutipatse malo anu oyambawo. Ife chimene chatisowa ndi goloboyi. Wathu uja maso ayamba kuvuta, ndipo wa pa sukuluyu, pofika pa malo athu achisanu, ena adzakhala atamutenga."

Zinali zoona kuti goloboyi wawo ankagwira mphepo mpira utadutsa kale. Ndinamuuza kuti ndikaganiza. Bodza! Ndinali nditaganiza kale gudumu lisanaime.

Komabe za mwambo zinayenera kuchitika, ndiye Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinaitana komiti pansi pa mango paja. Wapampando wathu anali mkulu wa mpingo, munthu wofatsa amene mpira ankaukonda ngati tchimo lake limodzi lokha. Ndinatenga sipoko, kujambula mzere pansi, uku mnyamata uku wogula soya, ngati mmene mphunzitsi ankachitira pa bolodi.

Mbali ya mnyamata ndinaiunjikira zoopsa. Sanasewerepo ndi amuna enieni, ndinatero. Mpira wa pa sukulu ndi wa ana, kuno kuli anthu amene miyendo yawo inaumira m'mizere ya thonje, akamuponda kamodzi tikamutola ndi wilibala. Komanso ndi wanzeru m'kalasi. Akakhoza bwino apita ku koleji ku Chipata, kapena akwera minibasi ya ku Lusaka, ife titsala ndi dzina lake m'buku. Tangoganizani, malume kuwerengera nzeru za muphwa wake ngati chilema! Koma ndinatero ndithu, ndipo anthu anagwedeza mitu.

Mbali ya wogula soya inali ndi zoopsa zakenso, sindikana. Zaka zake zinkasintha ndi nyengo. Bondo lake lamanja linkakhala lomanga bandeji. Wapampando anafunsa kuti soya akatha munthuyu sabwerera kwawo kodi? Ndinati walonjeza kuti sachoka dera lino, ndipo pamenepo ndinanena zoona kuposa mmene ndinkadziwira. Ndiye ndinatulutsa mfundo yaikulu. Ng'ombe ndi ya chaka chino chokha. Zisankho zikatha, ngakhale nkhuku sitidzaiona. Mnyamata adzakhwima chaka chamawa kapena mkuja, pamene wogula soya ndi wakupsa kale.

"Nanga muphwa wanuyo?" anafunsa wapampando. "Mlongo wanu mumudziwa."

Apa m'pamene ndinatsitsa mawu, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. "Angamusankhe ndani? Aliyense akudziwa kuti ndi magazi anga. Akutsidya akufuna goloboyi. Enawo achita manyazi, sangatenge mwana wa m'nyumba mwa kochi mnzawo. Ulendo wachiwiri wosankha ukafika, oyamba ndife. Ndimutenga pamenepo. Tikhala nawo onse awiri."

Komiti inaomba m'manja. Wapampando anati Mulungu anandipatsa mutu. Tinapima bondo, tinapima zaka, tinapima koleji, tinapima soya, ndipo tinabalalika aliyense akumva kale fungo la ng'ombe.

Mawa lake mlongo wanga anandiitanitsa. Ndinamupeza pakhonde akuswa nsawa, ndipo sanandipatse mpando.

"Iwe, ndamva kuti wagulitsa mwana wanga."

"Sindinagulitse, achemwali. Ndi njira ya ku America."

"Ku Americako amagulitsa ana a alongo awo?"

Ndinayamba kumufotokozera za ulendo woyamba ndi wachiwiri, ndikujambula ndi chala m'mwamba. Anandisiya mpaka ndinatopa ndekha.

"Munthu amene mwadana zaka zonsezi," anatero, "akupatse chinthu chake chabwino koposa, chaka cha ng'ombe, iwe osafunsa kuti bwanji?"

"Inu za mpira simuzidziwa."

"Za mpira sindizidziwa. Koma kumjigo ndimapita."

Munthu wanzeru akanakhala pansi, ngakhale pa dothi, n'kufunsa kuti kumjigoko akuti chiyani. Ine ndinakonza kapusi yanga. Ndili pafupi kutuluka pa mpanda anandifunsanso ngati mwanayo ndamuuza. Ndinati adzaona yekha patsikulo, zonse zili m'dongosolo. Kunena zoona ndinkaopa kumuyang'ana m'maso.

Tsiku losankha linali Loweruka m'mawa pa bwalo la sukulu. Anthu anadzaza ngati kwabwera fetereza. Anyamata omaliza sukulu anawakhazika pa mabenchi kutsogolo, atavala malaya oyera, muphwa wanga ali pakati, manja pa mawondo. Mphunzitsi anabwereka chimkuzamawu cha kutchalitchi. Analengeza kuti malo oyamba anali a timu yathu, koma tawapereka kwa timu ya kutsidya posinthana ndi wosewera wawo wakutsogolo. Anthu anachita phokoso. Muphwa wanga anatembenuka kundifunafuna m'gulu. Atandipeza ndinamutsinzinira diso, kuti mwana usadandaule, amalume ako ali ndi mutu.

Kochi wa kutsidya anaimirira. Sanafulumire. Anavula chipewa, anakonza kukhosi, anapereka moni kwa akuluakulu onse mmodzimmodzi, anathokoza aphunzitsi, anathokozanso ine pondichula udindo wanga wonse. Kenako anatchula dzina la muphwa wanga, mokweza, mayina onse atatu.

"Goloboyi!" ndinakuwa ndisanadziwe n'komwe kuti ndaimirira. "Nanga goloboyi uja?"

"Maso ake achira, akochi," anayankha. "Tinamupezera mankhwala."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ena anachita kugwa pa mabenchi. Muphwa wanga ananyamuka, kupita kutsogolo, kulandira jezi yofiira ya kutsidya ndi manja awiri. Sanandiyang'anenso. Ulendo wachiwiri utafika, goloboyi wa pa sukulu anali akadali pa benchi, palibe anamufuna. Ndinamusankha ine chifukwa cha ukali basi, kuti akutsidya asamupeze. Timu yanga inali ndi agoloboyi awiri kale.

Ndisaname, masabata otsatira anali okoma. Wogula soya anavala jezi yathu yobiriwira, yothina mpaka kung'ambika m'khwapa, n'kuyamba kugoletsa. Masewero atatu, kupambana katatu. Mudzi umene unazolowera kubwerera kunyumba mwakachetechete unayamba kuimba mumsewu. Pa mphambano anthu ankabwera ndi njinga zabwinobwino kuti angomva mmene ndinaganizira. Ndinkawauza kuti mpira wa masiku ano ndi wa mutu, si wa chibale. Muphwa wanga kutsidya masewero oyamba anakhala pa benchi, achiwiri anamulowetsa, wina anamutchetcha mwendo n'kutuluka akutsimphina. Ndinamva chisoni, inde, koma pansi pa chisonicho panali kachimwemwe konyansa, kakuti mwaona, si ndinanena? Iye ankandipatsabe moni mwaulemu tikakumana m'mudzi. Za mpira sankatchula, inenso sindinkatchula.

Zinaphulikira m'tchalitchi. Midzi yathu iwiriyi timapemphera pamodzi, ndipo Lamlungu limenelo wowerenga zolengeza anali wapampando wathu yemwe uja. Anawerenga za msonkhano wa amayi, za kulima m'munda wa mpingo, kenako anatsegula kapepala ka maukwati. Anatchula dzina la mwamuna, la wogula soya wathu, akumwetulira, mpaka anayang'ana kumene ndinakhala ngati akuti taonani mnyamata wathu akukhazikika. Atafika pa dzina la mkazi ndi mudzi wake, anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Dzina silinasinthe. Mkaziyo anali wa kutsidya, mwana wa mlongo wake wa kochi uja.

Mbali ya amayi kunamveka kuseka kobisa m'nsalu. Onse ankadziwa. Ankadziwa kuyambira nthawi ya dzinja, pamene munthuyo anayamba kuthandiza kupalira m'munda wa mayi a mtsikanayo popanda womutuma. Amayi onse a midzi iwiri, atsikana otunga madzi, ngakhale ana oweta mbuzi. Osadziwa tinali amuna asanu ndi awiri a komiti, amene tinakhala pansi pa mango kupima bondo.

Ukwati anauika Loweruka lotsogozana ndi masewero olowera ku fayinolo. Ndinathamangira kwa mkwatiyo, ndinamupeza akupachika sikelo yake pa mtengo. Ndinamupempha kuti ausunthe ndi masabata atatu okha. Anakana. Ndinati ndiye mkaziyo umutenge chitengwa, mudzakhale kwathu, malo omanga nyumba ndikupezera ine. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti agule soya wonyowa.

"Akochi, ine ndine mlendo kuno, ndilibe mudzi wotengerako mkazi. Apongozi andipatsa munda. Ng'ombe ndi ya timu, mkazi ndi wanga."

Ndinakasuma kwa mphunzitsi, makochi tonse tinakhalanso pa madesiki paja. Ndinalankhula abale! Ndinati chikamwini ndi zakale, dziko lapita patsogolo, ku America kulibe zimenezi. Ndinati ichi ndi chinyengo choonekeratu. Mphunzitsi anatsegula buku la malamulo modekha, anawerenga lamulo la akamwini, kenako anawerenga dzina la amene analibweretsa ndi mawu akuti anamenya desiki. Kochi wa kutsidya anangowonjezera kuti nyumba ya mkamwini wawo yatha kale kufolera, aliyense wofuna akaione. Anandipemphanso, pamaso pa anthu, ngati ndingabwereke akwati njinga zingapo za operekeza.

Motero malo oyamba anapita, muphwa anapita, wogula soya anabwerera kumene anachokera. Ine ndinatsala ndi agoloboyi atatu.

Ndipo mwa matimu onse, amene tinakumana nawo polowera ku fayinolo anali akutsidya omwewo. Ndinkadzitonthoza kuti magazi ndi magazi, mwanayo sangachititse manyazi malume wake pagulu, azisewera mobweza mwendo. Kalanga ine! Anasewera ngati ali ndi ngongole ndi udzu wa pa bwalopo. Akamwini anga otchinga kumbuyo, amuna a ndevu, ankagundana okhaokha pomufunafuna. Muphwa wangayo anapatsira wogula soya zigoli ziwiri pa phazi penipeni, chachitatu anagoletsa yekha ndi lamanzere lija, mpira kudutsa pakati pa miyendo ya goloboyi amene ndinamusankha chifukwa cha ukali. Atagoletsa anathamangira kwa kochi wake n'kumukumbatira. Ndinamva nthungululu yomwe ndinaidziwa bwino. Mlongo wanga anali mbali ya kutsidya, atamanga nsalu yofiira, akuvina.

Fayinolo anapambananso, ng'ombe anaitenga iwo. Ataipha, mlongo wanga ananditumizira kachidutswa m'mbale yovundikira, popanda uthenga uliwonse. Ndinadya. Inali yofewa, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri.

Zina zonse zimene tinapima pansi pa mango zinachitika mosemphana. Mkulu wa magolosale anagonja pa zisankho n'kuiwala kuti amakonda mpira, pamenepo pokha ndinalondola. Wogula soya bondo linamugonjetsa chaka chotsatira, anatuluka mimba, tsopano amaonerera mpira atanyamula mwana. Muphwa wanga mayeso anakhoza, koma malo ku koleji sanapezeke msanga, anakhala konkuno kulima ndi mayi ake. Anadzaza thupi. Anthu a ku Sinda ndi ku Katete anayamba kupalasa njinga kudzamuona akusewera, ndipo aliyense wobwera ankauzidwa nkhani ya malume wake, ena n'kudzera pa mphambano kuti andione nkhope.

Ndinapirira chifukwa ndinkadziwa chinthu chimodzi: zaka ziwiri zimatha. Sabata imene zinakwana ndinasamba masana, kuvala malaya a kutchalitchi, kukwera njinga kuwoloka dambo. Ndikanatha kulankhula naye kunyumba, amagona mtunda wosakwana kuitana kuchokera pakhomo panga. Koma kunyumba kunali mlongo wanga ndi pakamwa pake, komanso, ndivomere, ndinkafuna kukamutenga kochi uja akuona.

Ndinawapeza akuphunzira mpira pa bwalo lawo. Muphwa wanga atandiona anabwera chothamanga, thukuta lili chuchuchu, ananjuta n'kundilandira njinga.

"Kwagwanji, amalume? Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino. Ndabwera kudzakutenga. Zaka ziwiri zakwana, uli pa ufulu. Bwerera kwanu. Ukaputeni ndakusungira."

Anayang'ana chiwongolero cha njinga. Ndinaganiza kuti chimwemwe chamukulira.

"Ndifunseko, amalume?"

"Funsa."

"Tsiku lija, zikanayenda mmene munkafunira, mukananditenga ulendo wachiwiri eti?"

"Eya!" ndinatero, mtima uli m'malo kuti mwana wamvetsa. "Ndi mmene ndinakonzera. Sindinafune kukutaya ngakhale pang'ono. Anandinyenga ndi uyo."

"Ndiye anzanga asanu ndi mmodzi akanatchulidwa, kunyamuka mmodzimmodzi, ine ndili pa benchi anthu akundiyang'ana."

"Kanthawi kochepa chabe. Inali njira yoti..."

"Ndinayamba kudikira tsiku lolowa m'timu yanu ndili giredi 5," anatero, mawu ali pansi, mopanda mkwiyo. "Sindinkafuna ng'ombe ine. Ndinkafuna kumva dzina langa likutuluka pakamwa panu, anthu onse akumva. Awa ananyenga inu, ndikudziwa. Koma anaimirira, anavula chipewa, ananditchula woyamba. Ndikhala konkuno, amalume. Musandikwiyire."

Ine amene ndimatha kukangana ndi woimbira mpira mpaka bwalo lonse kubalalika, ndinangokonza kolala ya malaya anga. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a tsiku losankha, anaposa a m'tchalitchi, chifukwa apa panalibe woseka. Wezulo analira pakati pa bwalo. Anandibwezera njinga ndi manja awiri.

"Mundilole, akundiitana. Mukawauze amayi kuti ndifika mochedwerapo."

Anathamanga kubwerera kwa anzake. Ndinaima pomwepo ndi njinga yanga ndi malaya anga a kutchalitchi, ndikumuonerera akusewera, mpaka wosewera wina anabwera kudzandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndatsekereza pomenyera kona.